Kusintha kwa Tanthauzo la Liwu Lakuti 'Awesome' Pakati pa Achinyamata Oyankhula Chingerezi

1. Mawu Oyamba

M'chaka cha 1984 sukulu ya ukachenjede ya Lake Superior State, imene ili m'chigawo cha Michigan ku America, inaika liwu lakuti 'awesome' pa mndandanda wa mawu amene inati ngoyenera kuchotsedwa m'Chingerezi. Sukuluyi inayamba kutulutsa mndandanda woterewu mu 1976, ndipo ngakhale kuti mwambowu uli ndi nthabwala mkati mwake, dandaulo limene umanyamula ndi lenileni: akuluakulu ankaona kuti ana awo atenga liwu lolemera, loyenera kutchulidwa pokamba za Mulungu, imfa ndi mphamvu za chilengedwe, nkumalimwaza pa nsapato, zakudya ndi masewera. Mu 2007, patapita zaka 23, liwu lomwelo linaonekanso pa mndandandawo, umboni wakuti chiletso choyamba chija sichinaphule kanthu.

Cholinga chathu m'nkhani ino ndi kulondola njira imene liwuli layendamo, kuchokera pa tanthauzo lakuti 'choopsa' kufika pa tanthauzo lakuti 'chabwino kwambiri'. Mfundo imene tikufuna kutsimikiza ndi imodzi. Tanthauzo la liwu silisintha mwa anthu onse nthawi imodzi, monga mmene munthu amavulira malaya nkuvala ena. Tanthauzo lakale ndi latsopano amakhalira limodzi m'dera limodzi, ngakhale m'nyumba imodzi, kwa zaka zambiri, ndipo chimene chimawagawa kwenikweni ndi misinkhu ya oyankhula. Choncho funso lakuti "kodi liwuli limatanthauzanji?" silingayankhidwe bwino tisanafunse kuti "m'kamwa mwa yani?" Tasankha liwu la Chingerezi chifukwa mbiri yake inalembedwa mokwanira kwa zaka zoposa 400, koma tikhulupirira kuti phunziro lake likukhudza aliyense amene ali pa ntchito yolemba dikishonale, yomasulira mabuku kapena yokonza ndondomeko ya chinenero chilichonse.

2. Chiyambi cha Liwuli

Tsinde la 'awesome' ndi dzina lakuti 'awe'. Dzinali limayamba kuoneka m'zolembedwa za Chingerezi cha m'ma 1200, ndipo linachokera ku liwu lakuti 'agi' la m'chinenero chakale cha anthu a ku Scandinavia, amene anali atakhazikika kumpoto ndi kum'mawa kwa England zaka mazana angapo m'mbuyomo. Poyamba 'awe' anali mantha enieni, aja ogwira munthu miyendo. Koma popeza mantha amene olemba mabuku a nthawi imeneyo ankakamba kawirikawiri anali kuopa Mulungu ndi kuopa mfumu, dzinalo linayamba kunyamula ulemu pamodzi ndi mantha. Mapeto ake 'awe' anakhala nthumanzi imene imam'gwira munthu akaima pamaso pa chinthu chomuposa kutalitali, chimene sangachithawe komanso sangachinyoze.

Pa tsinde limeneli panamera afotokozi awiri. Woyamba ndi 'awful', amene anaoneka cha m'ma 1300, ndipo ankatanthauza chinthu choyenera kuopedwa ndi kulemekezedwa. Wachiwiri ndi 'awesome', amene anaoneka m'zaka za m'ma 1590. Poyamba 'awesome' ankafotokoza munthu wogwidwa ndi nthumanziyo, koma pofika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1600 anali atayamba kufotokoza chinthu chobweretsa nthumanziyo. Kwa nthawi yaitali liwuli silinali lofala, ndipo linkamveka makamaka ku Scotland ndi kumpoto kwa England.

Afotokozi awiriwa, obadwa m'mimba imodzi, anapatukana. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800 'awful' anayamba kutanthauza 'choipa kwambiri', kotero kuti lero Mngerezi amatchula liwuli podandaula za nyengo yoipa kapena tiyi wozizira. Zomwezo zinachitikiranso 'terrible' ndi 'dreadful', mawu amene kale ankanena za mantha aakulu. Kutsika kwa mawu atatuwa kunasiya malo opanda mwini, ndipo 'awesome' ndiye analowa pamalopo.

Umboni womveka bwino wa zimenezi uli m'mabaibulo a Chingerezi. M'Baibulo la King James, la mu 1611, liwu lakuti 'awesome' mulibe ngakhale pamodzi. Pofotokoza ukulu woopsa wa Mulungu omasulira ake anagwiritsa ntchito 'terrible' ndi 'dreadful'. Pa Genesis 28:17, pamene Yakobo adzuka ku Beteli atalota makwerero ofika kumwamba, malowo afotokozedwa ndi liwu lakuti 'dreadful'. Omasulira Baibulo la Revised Standard Version, lotuluka mu 1952, anaika 'awesome' pa vesi lomwelo, pakuti kwa owerenga a nthawi yawo 'dreadful' akanamveka ngati akunyoza malowo. Anathawira ku liwu limene linkaoneka lokhazikika, osadziwa kuti pasanathe zaka 30 nalonso lidzakhala litanyamuka.

3. Kubadwa ndi Kufala kwa Tanthauzo Latsopano

Pakati pa zaka za m'ma 1900 liwuli linayamba kupepuka. Atolankhani ankalitchula pokamba za chinthu chachikulu kapena champhamvu modabwitsa, ngakhale chisakhale choopsa. Ili ndi tanthauzo lachiwiri, limene tingalimasulire kuti 'chogometsa'. Mantha achoka, koma ukulu udakalipo.

Tanthauzo lachitatu, lakuti 'chabwino kwambiri', linafala pakati pa achinyamata a ku America chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Buku lanthabwala lotchedwa The Official Preppy Handbook, limene Lisa Birnbach anakonza mu 1980 pojambula khalidwe la ana a mabanja olemera ophunzira m'sukulu zapamwamba, linaika liwuli m'gulu la mawu a ophunzirawo ndi tanthauzo latsopanoli. Chakumadzulo kwa dzikolo, ku California, liwuli linadziwika ngati la anyamata oseweretsa matabwa pa mafunde a m'nyanja ndiponso la atsikana a m'chigwa cha San Fernando. Kanema wa mu 1982 wotchedwa Fast Times at Ridgemont High, mmene Sean Penn anasewera ngati mnyamata wa pa mafunde, anathandiza kulifikitsa kwa achinyamata a madera ena. Kuchokera pamenepo makanema ndi wailesi yakanema zinaliolotsa nyanja kufika ku Britain, Australia ndi kwina kulikonse kumene Chingerezi chimayankhulidwa.

Kukula kwa ulendowu ku Britain kukuoneka m'nkhokwe ziwiri za mawu. Yoyamba ndi British National Corpus, imene inasonkhanitsidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ya mawu 100 miliyoni, mwa iwo pafupifupi 10 miliyoni ojambulidwa pakamwa pa anthu. Yachiwiri ndi nkhokwe yatsopano ya mawu oyankhulidwa, imene sukulu ya ukachenjede ya Lancaster ndi osindikiza mabuku a Cambridge University Press anasonkhanitsa pakati pa 2012 ndi 2016. Zotsatira zoyambirira, zimene zinalengezedwa mu 2014, zinasonyeza kuti 'marvellous', liwu lotamanda limene Angerezi ankalikonda, linatsika kuchoka pa maulendo 155 kufika pa maulendo 2 okha pa mawu miliyoni imodzi iliyonse, pamene 'awesome' anali kumveka maulendo 72 pa miliyoni. Manambalawa anatengedwa ntchito yosonkhanitsa isanathe, choncho sitiyenera kuwasenzetsa katundu wopitirira. Komabe mbali imene mphepo inkalowera njosakayikitsa.

Kuti matanthauzowa aoneke pamodzi, tapeka zitsanzo zinayi izi:

(1) The storm on the lake was awesome.
Namondwe wa panyanja uja anali woopsa.

(2) The falls are awesome in the rainy season.
Mathithiwo amagometsa nthawi ya dzinja.

(3) These shoes are awesome.
Nsapato izi nzabwino kwambiri.

(4) Your bus leaves at six. / Awesome.
Basi yanu inyamuka 6 koloko. / Chabwino.

Chitsanzo (4) chikusonyeza sitepe ina yoonjezera. Apa liwuli silikufotokozanso dzina lililonse. Laleka kukhala mfotokozi, lasanduka mfuwu wovomereza. Woyankhayo sakutamanda basi kapena nthawi, akungodziwitsa mnzake kuti wamva ndipo alibe chotsutsa.

4. Matanthauzo Atatu M'dera Limodzi

Dikishonale imatiuza chaka chimene tanthauzo linayamba kulembedwa, koma siitiuza kuti ndani ali nalo ndipo ndani alibe. Pofuna kudziwa zimenezi, akatswiri a zinenero amagwiritsa ntchito njira yoyerekeza kayankhulidwe ka anthu a misinkhu yosiyana amene akukhala pa malo amodzi nthawi imodzi. Ganizo lake ndi lakuti munthu amasunga zambiri za kayankhulidwe kamene anaphunzira ali wamng'ono, kotero kuti pomvetsera agogo, makolo ndi ana tsiku limodzi, timakhala ngati tikumvetsera zaka makumi asanu kapena asanu ndi limodzi za mbiri ya chinenerocho. Louis Gauchat anayesa njirayi mu 1905 m'mudzi wa Charmey ku Switzerland, ndipo William Labov anaikhazikitsa ndi kafukufuku wake wa pa chilumba cha Martha's Vineyard, wofalitsidwa mu 1963, ndi wa mumzinda wa New York, wofalitsidwa mu 1966. Onsewa ankafufuza katchulidwe ka mawu. Matanthauzo anatsalira m'mbuyo kwa nthawi yaitali, chifukwa nkosavuta kujambula mmene munthu akutchulira liwu, koma nkovuta kugwira chimene akuganiza polinena.

Justyna Robinson anapeza njira yolambalala vutoli. Pa kafukufuku wake wa ku South Yorkshire, kumpoto kwa England, anacheza ndi anthu 72 a zaka zoyambira 11 kufika 94. Sanawafunse kuti liwu lakutilakuti limatanthauzanji, pakuti funso lotere limam'kumbutsa munthu za kusukulu, ndipo amayankha zimene akuganiza kuti mphunzitsi angavomereze. M'malo mwake anawapempha kuti atchule munthu kapena chinthu chimene iwo angachinene kuti ndi 'awesome', kenaka nkuwafunsa chifukwa chake. Tanthauzo linkatuluka lokha m'zinthu zotchulidwazo ndi m'zifukwa zoperekedwazo.

Zotsatira za liwuli, zimene zinafalitsidwa mu 2010, zinasonyeza matanthauzo atatu aja ali moyo m'dera limodzi. Tanthauzo lakuti 'chabwino kwambiri' linachuluka mwa achinyamata, ndipo linkacheperachepera msinkhu ukamakwera. Tanthauzo lonena za chinthu choopsa linapezeka makamaka mwa okalamba. Tanthauzo lakuti 'chogometsa' linaima pakati pa awiriwo ngati mlatho. Motero mbiri imene madikishonale amaiyala m'zaka mazana anayi inapezeka itayalidwa m'mibadwo itatu ya anthu okumana pamsika umodzi.

Pali chenjezo limene tiyenera kupereka pa njirayi. Kusiyana kwa ana ndi akulu sikutanthauza nthawi zonse kuti chinenero chikusintha. Mawu ena ndi a pa msinkhu chabe: mwana amawatola ali kusukulu, nkuwataya akayamba ntchito kapena akalowa m'banja, ndipo mbadwo wotsatira umawatolanso pa msinkhu womwewo. Ndiponso mawu sali ngati katchulidwe, kamene kamauma msanga. Munthu amaphunzira mawu atsopano moyo wake wonse, ndipo agogo akhoza kutola liwu kwa mdzukulu. Nanga tidziwa bwanji kuti 'awesome' wasinthadi? Yankho lili m'kupita kwa nthawi. Mnyamata amene anali ndi zaka 15 mu 1982 anakwanitsa zaka 50 mu 2017, ndipo mbadwo umenewo sunalitaye liwuli. Lero limamveka m'kamwa mwa aphunzitsi, ogulitsa m'sitolo ndi akuluakulu a makampani. Liwu limene linayamba ngati chizindikiro cha unyamata lakula pamodzi ndi eni ake, ndipo lalowa m'Chingerezi wamba cha tsiku ndi tsiku.

5. Mmene Tanthauzo Limayendera

Kodi zimatheka bwanji kuti liwu la mantha lifike ponena za nsapato? Ulendowu suchitika modumpha. Tikuona zinthu zitatu zimene zimagwirira ntchito pamodzi.

Choyamba ndi malo okumanirana matanthauzo. Taganizirani mnyamata wa pa mafunde amene waona funde lalitali ngati nyumba likubwera. Fundelo likhoza kumupha, komanso ndi lomwelo limene wakhala akulidikira tsiku lonse. Akanena kuti ndi 'awesome', mantha ndi chimwemwe zili pamodzi m'liwu limodzi, ndipo womvera ali ndi ufulu wotola chilichonse mwa ziwirizo. Mnzake wamng'ono amene waona nkhope yosangalala amatola chimwemwe, ndipo mawa adzalitchula liwulo pa chinthu chosangalatsa chopanda ngozi. Palibe amene walakwitsa. Chimene poyamba chinali chongoganizira cha womvera chasanduka tanthauzo lenileni. Elizabeth Traugott ndi Richard Dasher anafotokoza mwatsatanetsatane njira imeneyi m'buku lawo la mu 2002 lonena za kusintha kwa matanthauzo.

Chachiwiri ndi kukokomeza. Munthu wofuna kuti mnzake amve kukula kwa chisangalalo chake amabwereka liwu lalikulu koposa chinthucho. Ulendo woyamba liwulo limagunda mtima, koma likabwerezedwa kambirimbiri limafwifwa monga nsalu yochapidwa tsiku ndi tsiku, ndipo pamafunika lina. Nchifukwa chake mawu otamanda sakhalitsa. Chingerezi chadutsa mu 'marvellous', 'fabulous', 'terrific', 'smashing' ndi 'wicked', ndipo lililonse linali ndi nyengo yake.

Chachitatu ndi kusamuka kwa tanthauzo kuchoka pa chinthu kupita mumtima mwa woyankhula. M'chitsanzo (1) liwuli likutiuza za namondwe: mphamvu yake ndi ngozi yake. M'chitsanzo (3) silikutiuza chilichonse za nsapato, kaya mtundu, kaya kulimba kwake. Likungotiuza kuti woyankhula wazikonda. Traugott anasonyeza mu 1989 kuti matanthauzo amakonda kuyenda cholowera mbali imeneyi, ndipo sabwerera kawirikawiri. C. S. Lewis, m'buku lake la mu 1960 lotchedwa Studies in Words, anali ataona kale khalidwe lomweli, ngakhale kuti iye analiona ngati kupha mawu: anthu amafulumira kunena ngati chinthu achikonda kapena ayi kusiyana ndi kufotokoza mmene chilili.

Njira imeneyi si ya liwu limodzi kapena chinenero chimodzi. 'Terrific' anachokera ku mneni wa Chilatini wotanthauza kuopseza, ndipo 'tremendous' ku mneni wotanthauza kunjenjemera. Onse awiri lero ndi mawu otamanda. M'Chifalansa 'formidable' anayenda ulendo womwewo. M'Chijapani 'sugoi', amene kale ankanena za chinthu chochititsa nthumanzi, tsopano ndi liwu wamba losonyeza kugoma, ndipo achinyamata a kumeneko atembenuza 'yabai', liwu lonena za ngozi, kukhala lotamanda. Ifenso tili nacho chitsanzo pakhomo pathu, m'tsinde la -opsa:

(5) Ng'ona ndi nyama yoopsa.

(6) Kumaliroko kunali anthu ambiri koopsa.

(7) Mnyamata uja ndi woopsa pa mpira.

Mu (5) muli mantha enieni. Mu (6) 'koopsa' ndi muonjezi wongokuza chiwerengero, ndipo palibe amene akuopa. Mu (7) muli malo okumanirana aja: wosewerayo ndi woopsa kwa timu inayo, koma kwa omutsatira liwulo ndi chitamando. Tsono tsinde lomweli ndi limene Buku Lopatulika limagwiritsa ntchito pofotokoza ukulu wa Mulungu. Mchewa amene amadabwa ndi zimene zachitikira 'awesome' ayambe wamvetsera pakamwa pake.

Chatsala ndi funso lakuti nchifukwa ninji achinyamata ndiwo amatsogolera. Penelope Eckert, amene anakhala nthawi yaitali pakati pa ophunzira a pa sukulu ina ya sekondale kufupi ndi mzinda wa Detroit nalemba buku lake mu 1989, anasonyeza kuti pa msinkhu umenewu kayankhulidwe ndi chida chodzipatulira kwa makolo ndiponso chodziwirana gulu, monga mmene zilili zovala ndi nyimbo. Liwu limene likukwiyitsa akuluakulu ndiye kuti likugwira bwino ntchito yake. Koma pa chifukwa chomwecho, liwulo likangolowa m'kamwa mwa makolo limatha mchere. 'Awesome' atafala, achinyamata anasamukira ku mawu ena monga 'sick', amene tanthauzo lake lakale ndi 'wodwala', ndipo gudumu linapitiriza kuzungulira.

6. Kodi Pali Chimene Chatayika?

Sitikufuna kupeputsa dandaulo la akuluakulu aja ngati kuti ndi kung'ung'udza kwa ukalamba chabe. Chilipo chimene chatayika. Wolemba Chingerezi wa lero amene akufuna liwu limodzi lonyamula mantha ndi ulemu pamodzi ali pa vuto: 'awful', 'terrible' ndi 'dreadful' anatsikira ku zoipa, 'terrific' ndi 'awesome' anakwerera ku zokoma, ndipo pakati patsala pouma. Mwana wowerenga Genesis 28:17 m'Baibulo lamakono akhoza kuganiza kuti Yakobo anasangalala ndi malowo, pamene mawu oyandikana nawo akunena kuti anachita mantha.

Komabe tiyenera kuona zinthu ziwiri. Choyamba, tanthauzo lakale silinafe. Likupezekabe m'mabuku, m'mapemphero ndi m'nkhani zolemera, makamaka liwuli likaphatikana ndi mayina onena za mphamvu kapena udindo waukulu, ndipo wowerenga wozolowera salakwitsa. Chachiwiri, chinenero chimadzipezera njira. Pamene 'awesome' anapepuka, olemba anatsamira pa 'awe-inspiring', mawu ophatikiza amene amanena poyera kuti chinthucho chikubweretsa nthumanzi. Dzina lenilenilo lakuti 'awe' silinasunthe. Chimene oyankhula akuchifuna sachisowera mawu kwa nthawi yaitali.

7. Phunziro kwa Olemba Madikishonale ndi Okonza Ndondomeko

Kuchokera pa zimene tafotokozazi tikutolapo mfundo zinayi.

Yoyamba ikukhudza malire a mphamvu zathu. Wokonza ndondomeko ya chinenero ali ndi mphamvu pa kalembedwe, pa mawu a maphunziro ndi a ntchito zaluso, ndiponso pa chinenero cha mabuku a sukulu ndi zikalata za boma, chifukwa zimenezi zimadutsa m'manja mwa anthu ochepa: osindikiza, aphunzitsi ndi olemba mayeso. Mawu otamanda ndi okokomeza sadutsa pa chipata chilichonse. Amabadwira pabwalo la masewera ndi m'misewu, ndipo chiletso chimangowaonjezera kukoma. Nthawi ndi ndalama zimene bungwe lingaononge polimbana nawo zikanagwira ntchito yopindulitsa kwina.

Yachiwiri ikukhudza dikishonale. Ntchito yake si kusankha tanthauzo limodzi nkulitcha loona, koma kulemba matanthauzo onse amoyo ndi kusonyeza malo a lililonse: ili ndi la m'mabuku, ili ndi la pocheza, ili limamveka makamaka mwa okalamba. Dikishonale yosiya tanthauzo latsopano imanamiza wophunzira za Chingerezi chimene adzamva; yosiya lakale imam'tsekera mabuku a makolo. Chiyambi cha liwu nchofunika kuchidziwa, koma si woweruza. Tikanati tiziweruza potsata chiyambi, 'nice' akanatanthauzabe 'wopusa', pakuti anachokera ku liwu la Chilatini lonena za munthu wosadziwa kanthu.

Yachitatu ikukhudza omasulira ndi aphunzitsi a Chingerezi kuno kwathu. Wophunzira wa ku Malaŵi amakumana ndi liwuli m'makanema, m'nyimbo ndi pa foni asanalione m'buku, ndiye kuti amayamba ndi tanthauzo lachitatu, mosiyana ndi mphunzitsi wake wachikulire amene mwina anayamba ndi loyamba. Dikishonale ya Chingerezi ndi Chicheŵa imene ingalembe 'choopsa' pokha idzasokoneza womasulira chitsanzo (3), ndipo imene ingalembe 'chabwino kwambiri' pokha idzasokoneza womasulira chitsanzo (1). Mphunzitsi achita bwino kuphunzitsa matanthauzo onse, ndi kumuonetsa wophunzira kuti (3) ndi (4) ndi za pocheza, zosayenera m'chimangirizo cha pa mayeso kapena m'kalata yofunsira ntchito. Kumeneku si kuletsa liwu, koma kuphunzitsa malo ake.

Yachinayi ikukhudza kafukufuku. Njira ya Robinson siilira zipangizo zodula: munthu wofunsa, chojambulira mawu, ndi anthu a misinkhu yosiyana ochokera m'dera limodzi. Ikhoza kugwiritsidwa ntchito pa tsinde la -opsa ndi pa mawu ena otamanda a m'zinenero zathu, kumudzi ndi m'tauni. Wofufuza asafunse tanthauzo. Afunse kuti ndani kapena nchiyani chimene chili choopsa, ndipo chifukwa ninji. Zinenero zathu zilibe nkhokwe za zolembedwa za zaka mazana anayi monga Chingerezi, choncho okalamba athu ndiwo nkhokwe imene tili nayo, ndipo matanthauzo amene sitiwajambula iwo adakali moyo adzapita nawo kumanda.

8. Mawu Otsiriza

Taona kuti 'awesome' anayamba ngati liwu la mantha osakanikirana ndi ulemu, anapepuka kukhala liwu la kugoma, natengedwa ndi achinyamata a ku America cha m'ma 1980 kukhala chitamando wamba, mpaka kufika posanduka mfuwu wovomereza. Taonanso kuti masitepe amenewa sanafafanizane, koma akupezeka pamodzi mwa anthu a misinkhu yosiyana, ndi kuti njira yomweyi yayendedwa ndi mawu ena m'Chingerezi, m'Chifalansa, m'Chijapani ndi m'Chicheŵa. Agogo wa ku South Yorkshire ndi mdzukulu wake akatchula liwuli, aliyense akulondola monga mwa mbadwo wake. Udindo wa katswiri wa zinenero ndi kulemba zimene onse awiri akunena, ndipo udindo wa wokonza ndondomeko ndi kuonetsetsa kuti mdzukuluyo, pokhala ndi tanthauzo lakelake, azithabe kumva la agogo ake.